Voti ya Amayi Matildah

Amayi Matildah ndinawadziwira kuchipinda chotayira zinyalala, pamafuleti ena a ku Sports City kumene tonse tinkagwira ntchito za m'nyumba. Ndinali nditangofika ku Dubai, mwana wanga nditamsiya kwa agogo ake ku Ntcheu asanasiye kuyamwa, ndipo sindinkalankhula ndi munthu. Anandimva ndikung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, basi n'kundifunsa kuti, "Iwe mwana, kwanu n'kuti?" Kuyambira tsikulo ndinkangowatchula kuti amayi.

Anali a ku Chiradzulu, amuna awo anamwalira kale. Ankagwira kwa madamu wa ku Britain, ndipo zala zawo zinali zosuwa ndi sopo.

Anzathu ankawaseka pa chinthu chimodzi. Tchuthi chawo sankachitenga pa Khirisimasi kapena paukwati, ankachisungira chisankho, poti ife akunja sitivotera kuno. Mayi wina wa ku Chipata ankawatchula kuti a MP a kukhitchini. Iwo osakwiya. Anandiuza kuti pa riferendamu ya 1993 amuna awo anawalamula kuti akasankhe tambala, koma iwo, atabereka mwana wawo Edinah kumsana, anasankha nyali, ndipo bambowo anapita kumanda osadziwa. Ankati m'kachipinda kovotera ndi mokha mmene munthu sanawaimirepo kumbuyo.

Mu 2019 anapita, n'kubwera ndi inki pachikhadabo, kutionetsa ngati mphete. Khoti litafafaniza chisankhocho sanadandaule. Anati abwerera kukavotanso, inshallah, Mulungu akalola, ndipo madamu anavomera. Kenako korona inafika, ndege zinaima.

M'miyezi yotsekeredwayo tinkaonana potaya zinyalala basi, titavala masiki, wina apa wina apo. Tsiku lina anabwera maso ali ofiira. Mwana wamkazi wa madamu ankaphunzira pakompyuta, iwo akusita pambali, ndiye anamva aphunzitsi akufotokoza za azimayi a ku Britain a m'zaka za m'ma 1800. Akuti ankayenda khomo ndi khomo kusainitsa anzawo kuti apemphe nyumba ya malamulo iwalole kuvota, ndipo azibambo ambiri a m'nyumbamo ankangowaseka. Ambiri anakalamba n'kumwalira tsikulo lisanafike.

"Ine ndimayesa azungu anabadwa nayo voti," anatero. "Kani nawonso anachita kulirira. Ndiye Edinah wanga akuti dzuwa likuwotcha pamzere."

Nkhani ya Edinah inkawapweteka. Anachita kumukoka kuti akalembetse, koma tsiku lovota mu 2019 iye anakagulitsa mandasi, akuti andale onse ndi amodzi. Tsopano ankamuimbira foni kumupempha kuti ulendo uno akaime pamzere m'malo mwawo. Edinah ankayankha kuti aona. Anandipatsa nambala yake kuti mwina ine, wamsinkhu wake, angandimvere. Ndinalemba uthenga, n'kufufuta, n'kulembanso. Pomaliza ndinangoti, "Achemwali, amayi akudwala mtima ndi nkhaniyi."

Juni atayamba, Amayi Matildah anayamba kutsokomola. Ankati ndi mphepo yozizira ya eyakoni. Patapita masiku ambulansi inabwera masana, ine ndikuonera pawindo ndili ndi mwana wa abwana m'manja. Sindikanatha kutsika. Ali kuchipatala ananditumizira mawu pa WhatsApp, akupuma movutika, ndipo sanafunse za katundu wawo. Anafunsa ngati Edinah wayankha.

Tsiku la chisankho Edinah ananditumizira chithunzi. Chinali chala chake, inki ili bii mpaka pachikhadabo, kumbuyo kukuoneka mpanda wa sukulu. Anati watumiza kwa amayi koma uthenga sukudutsa, ndiye ndiwaonetse ine. Ndinatumiza nanenso, sunadutse.

M'mawa mwake ndinapita kukataya zinyalala, ndipo ndinapeza madamu wa Amayi Matildah akutaya okha. Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu. Anati amayi anamwalira dzulo lake, ndipo chifukwa cha matendawo mtembo supita kumudzi. Ndinafuna kufunsa kuti nthawi yanji, ngati foni inali pafupi nawo, koma ndinangotaya zinyalala zanga n'kubwerera.

Anaikidwa konkuno. Edinah amandifunsabe ngati ndikuganiza kuti anachiona chithunzicho. Ndimamuuza zoona, kuti sindikudziwa. Iye amati inki ija inatenga milungu kuti ichoke, ndipo sanaikweche.