Nyimbo ya pamanda inathera pamsika

Nyimboyo ndi ya mphindi zinayi ndi theka. Ndikudziwa chifukwa ndinaijambula ndine, ndi karekoda kamene ndinkagwirira ntchito ndili mtolankhani.

Woimbayo ndinaphunzira naye pulayimale ku Mua. Iye anapita ku Blantyre n'kutchuka, moti panalibe minibasi ya pamsewu wa ku Salima imene sinkaliza nyimbo zake. Ine ndinalemba nyuzipepala zaka zingapo, kenaka ndinabwerera kumudzi kudzalima mpunga. Amayi ake atamwalira, chaka chotsatira anabwera kudzamanga chiliza. Mwambo utatha anthu n'kubalalika, tinatsala awiri pamanda paja. Anatenga gitala n'kundiuza kuti ndijambule nyimbo imene anapekera amayi akewo. Pakati pa ndime yachiwiri mawu anamuthera, analira, kenaka anayambiranso.

"Iyi si ya pawailesi," anatero. "Usunge iweyo. Ndikadzaifuna ndidzakuuza."

Ndinalonjeza, ndipo ndinaisunga zaka ziwiri pa memore khadi osalizira munthu aliyense.

Alamu anga, mlongo wa akazi anga, ali ndi kashopu koberna nyimbo pa Golomoti. Munthu amabwera ndi khadi kapena fulashi, iwo n'kumudzaziramo nyimbo za m'kompyuta yawo. Zimene zimayenda malonda si zimbale zodziwika ayi, koma zimene amazitcha "zosatuluka": zojambulidwa pa zoimbaimba, zoyeserera m'situdiyo, ndi zakale zoziikira ng'oma zatsopano. Oberna nyimbo ali ndi chizolowezi chimodzi. Khadi iliyonse ikalowa m'kompyuta, amayamba akopera zonse zili momwemo asanachite zimene mwini wake wabwerera. Nkhokwe yawo imakula choncho. Ndinkazidziwa bwino zimenezi, mpaka ndinazilembapo nkhani.

Khadi yanga itayamba kuvuta, ndinapita nayo kwa iwo kuti asamutsire zinthu zanga pa ina yatsopano. Ndinaima pambali pawo.

"Alamu, muli kanthu umu kamene sikayenera kutsala m'makina mwanumu."

"Aa, alamu! Zithunzi za chibwenzi eti? Ndikanena kwa mlongo wanga."

Tinaseka, kenaka ndinawauza zoona zake zonse, za manda, za kulira, za lonjezo. Anagwedeza mutu mwachisoni. Atamaliza kusamutsa anandiitana kuti ndione akufufuta nyimboyo m'kompyuta. Ndinaionadi ikuchoka. Sindinafunse ngati anaikopera malo amodzi okha.

Patapita milungu itatu ndinali pa Mtakataka tsiku la msika, ndikusankha utaka. Sipika ya pa golosale ina inayamba kuliza gitala amene ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Pansi pake anali ataikapo ng'oma zothamanga za m'kompyuta. Mwa apo ndi apo mawu a alamu anga ankabwera pamwamba, kukuwa dzina la shopu yawo, monga amachitira oberna nyimbo onse kuti anzawo asawabere. Malo amene mnzanga analira aja anawadula n'kuwabwereza katatu, kukhala ngati kolasi. Amayi awiri ogulitsa tomato ankagwedeza mapewa motsatira kulirako.

Utaka ndinausiya. Ndinakwera minibasi kupita pa Golomoti. Pakhoma la shopu panali pepala lolembedwa ndi inki yofiira: dzina la mnzanga, ndi mawu akuti "Zosatuluka, nyimbo khumi ndi ziwiri". Ya pamanda inali yoyamba.

"Alamu, munafufuta ndikuona."

"Ndinafufutadi imene munaonayo."

"Ndiye iyi yachokera kuti?"

Sananame. Anati: "Alamu, nyimbo si mbatata yoti muikwirire m'nkhuti. Anthu akuikonda. Ndipo mnzanuyo anali atazirala, tamudzutsa ndife."

Ndinawauza kuti aichotse pomwepo. Anatambasula manja.

"Ndiichotse kuti? Ili ku Salima, ili ku Balaka. Aliyense amene ndinamuikira anakalowetsa khadi yake m'kompyuta ina."

Pamenepo ananena zoona, ndipo n'zimene zinandiwawa koposa. Tsiku lomwelo anafunsanso ngati ndili ndi ina yotere.

Akazi anga atamva anangoti mlongo wawo ndi mmene alili chibadwire, ndipo ine ndinkamudziwa. Sindinatsutse.

Ndinakhala masiku awiri ndikuyang'ana foni. Tsiku lachitatu m'mawa ndinamuimbira mnzanga uja kuti amve kwa ine. Anali atamva kale. Dalaivala wa minibasi anamulizira mokondwa, poganiza kuti akumulemekeza. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, za khadi yovuta, za alamu, za kufufuta. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Alamu akowo sindikuwadziwa," anatero. "Ine ndinapatsa iwe."

Chaka chatha anabweranso kudzalambula manda a amayi ake. Ndinamva kwa wakabaza amene anamunyamula, atabwerera kale ku Blantyre.