Wojambula Miyendo

Mkulu wokhala m'chipinda chapansi, m'kamsewu kena ka mumzinda wa Hague, sayang'ana munthu kumaso. Amakhala pawindo ndi khofi wake wozizira, maso ali pa mapazi a anthu odutsa. Pa nthawi ya nkhondo ankagwira ntchito yopanga makatuni a chipani cha Nazi, aja oonetsa Ayuda ngati makoswe. Ukamufunsa, yankho lake silisintha: "Ine ndinkangojambula miyendo. Nkhope ankajambula ena." Amanena zimenezi monyada, chifukwa miyendoyo ankaithadi.

Tsiku lina kunabwera Mayi Zadoks, mwana wa telala wachiyuda wotsimphina amene ankasoka pakona pomwepo, mpaka tsiku limene a Nazi anamukweza sitima osabwereranso. Pabanja pawo sipanatsale chithunzi ngakhale chimodzi.

"Bambo, ndamva kuti mapepala a makatuni aja munasunga."

Mkuluyo anatulutsa mulu wa mapepala n'kuyamba kuwavundukula mofulumira ndi chala chachikulu. Khoswe wojambulidwa pamapepalapo anayamba kuyenda, akukoka mwendo wamanzere, phewa likugwa nthawi iliyonse akaponda.

"Bambo anu ndinawaonerera milungu itatu pawindo lomweli," anatero. "M'holo yoonetsera makatuniwo aliyense anawazindikira. Anthu anaseka mpaka misozi."

Mayi Zadoks anafuna kumulavulira kumaso. Koma panali patatha zaka makumi awiri asanaone bambo awo akuyenda, ndipo padziko lonse malo amene ankayendabe anali m'manja mwa munthu ameneyu basi.

"Bwerezani," anatero mayiwo.

Mkuluyo anabwereza, akumwetulira ngati munthu amene wayamikiridwa.