Volovolo ya Mwayiwathu

M'mawa uliwonse, asanakwere basi yopita kuntchito, a Rapson Chimphamba ankazungulira dziwe la ku Brookvale Park, pafupi ndi kwawo ku Erdington, mumzinda wa Birmingham ku England. Sankathamanga ngati anthu a mabuluku othina aja, ndipo analibe galu. Ankangoyenda, maso ali pansi. Akafika pamatope ankaima n'kuwerenga: apa padutsa nkhandwe, apa galu wamkulu amakoka mbuye wake, apa atsekwe anakangana. Anthu a m'pakimo ankawadziwa ndi chinthu chimodzi, chakuti samveka. Munthu ankazindikira kuti panali a Rapson atamudutsa kale. Mayi wina wa agalu awiri anawauzapo moseka kuti agule belu azivala m'khosi.

Kayendedwe kameneka anakatenga ku Kasungu. Ali mnyamata ankagwira ntchito yolondera nyama m'nkhalango ya boma, ntchito imene anthu a m'midzi yozungulira amangoti ya gemu. Kumeneko anaphunzira kuponda ndi m'mbali mwa phazi, kulambalala tinkhuni touma, ndi kuyenda mphepo ikuwomba kumaso kuti njati isamve fungo la munthu. Wotsokomola paulendo ankamuyang'ana ngati wakuba.

Ku England anabwera motsatira akazi awo, mayi Deliwe, amene ndi namwino. A Rapson anapeza ntchito yokankha mabedi ndi njinga za odwala pachipatala chachikulu cha ku Edgbaston, ndipo ntchitoyo inawakwanira. Ankakonda makonde aataliatali aja. Ankakondanso kuti wodwala amene wagona atha kumuchotsa kuwodi mpaka kokajambulidwa osadzuka. Akaweruka ankagula nthochi kwa mmwenye wa pakona, n'kukakhala pampando wawo wa pazenera. Sankadandaula za nyengo. Ankati mvula ya kuno ndi yaulemu, imagwa osagwetsa nyumba.

Mwana wawo ndi mmodzi, Mwayiwathu. Anabwera kuno ali wamng'ono, ndipo anakulira kumbuyo kwa bambo ake. Loweruka ankapita naye ku Sutton Park, n'kumuphunzitsa kuponda monga iwo, mpaka mtsikanayo ankatha kufika pafupi ndi gologolo, gologoloyo akudya osadziwa kanthu. Anakula wofatsa, wa mawu apansipansi. Makolo akamuyankhula Chichewa ankayankha Chingerezi, koma akafuna kupempha chinthu chachikulu ankasonkhanitsa Chichewa chake chonse.

Choncho madzulo ena atayamba ndi "Adadi, ndili ndi nkhani," a Rapson anaika foloko pansi.

Mwayi anali atamaliza maphunziro a miyala ndi nthaka kuyunivesite. Kampani ina yofufuza miyala inamuitana kuti akagwire ntchito nyengo yotentha yonse kumpoto kwa Canada, kugona m'matenti, kuyenda m'nkhalango akutola miyala. Kampaniyo inkafuna yankho pofika Lolemba. Makolo anakondwa, mpaka mayi ake anafunsa kuti kutchireko kuli nyama zanji.

"Mphalapala zakezake zazikulu," anatero Mwayi. Kenako motsitsa mawu, "ndi zimbalangondo."

Dzina limeneli a Rapson ankangolimva kutchalitchi. M'mawa mwake ali m'basi anafufuza pafoni, ndipo anaona chinyama chofiirira chikuthamangitsa mphalapala ngati galu, chikugubuduza mwala ndi dzanja limodzi. Anaona kuti china chakuda chimakwera mumtengo. Apa ndi pamene mtima unawagunda, chifukwa kwa njati mtengo ndiwo m'bale wako. Anadutsa siteji yawo osazindikira.

Madzulo anagamula. "Popanda mfuti m'chiuno supita."

Mwayi anali wamkulu, pasipoti inali yake. Akanatha kungonyamuka. Koma onse atatu ankadziwa kuti sangakwere ndege bambo ake asananene kuti pita bwino, ndipo a Rapson ankadziwanso kuti akamukaniza, mwanayo adzangoti chabwino n'kukakhala kuchipinda, ntchito ya kumtima kwake itapita.

Ndiye anayamba kusankha mfuti. Mfuti zazitali ankazidziwa bwino, koma munthu wonyamula nyundo ndi chikwama cha miyala sangakolekenso mfuti yaitali paphewa. Pankafunika ya m'manja. Sabata yonseyo, m'basi ndi pa nthawi yopuma, a Rapson ankaonera azungu a ndevu a ku America akukangana. Ena ankati volovolo ya zipolopolo zikuluzikulu, chifukwa sikakamira ngakhale igwere m'matope. Ena ankati pisitolo yopepuka yolowa zipolopolo zambiri, chifukwa munthu wamantha amaphonya koyamba ndi kachiwiri komwe.

Mnzawo wa pantchito, Osborne, wobadwira ku Handsworth, ankasuzumira pafoniyo akutafuna sangweji.

"Rapson, iwe ukufuna kutsekeredwa," anatero m'Chingerezi chake cha kuno. "Dziko lino mfuti ya m'manja ndi ndende. Ukaigula kuti?"

"Akagula komweko."

"Ndiye mugulire yaikulu kwambiri. Chimbalangondo chikaiona chikomoke chokha."

"Iwe unaonapo nyama yoposa ng'ombe?"

"Apongozi anga," anatero Osborne, n'kupitiriza kutafuna.

Kunyumba mayi Deliwe ankangopukusa mutu. "Bambo a Mwayi, mukusankha mfuti ngati mukusankha mkamwini. Iyi ndi yolemera, iyi ndi yachibwana, iyi sitikudziwa kwawo."

"Mkamwini akalakwa timakhala pansi n'kukambirana," anayankha a Rapson. "Chimbalangondo sichikhala pansi."

Mtima wawo unatsamira kwa volovolo. Chinawavuta ndi mkono wa Mwayi, woonda ngati wa mayi ake, poti mfuti yoteroyo ikalira imabwerera mwamphamvu. Lachisanu anatenga nsimbi yositira, n'kumuuza mwanayo aitambasule kutsogolo ndi manja awiri, aloze chotsegulira chitseko. Mwayi anamvera. Posachedwa nsimbi inayamba kunjenjemera, chingwe chikuvina pansi.

"Limba, mwanawe. Usatseke maso."

"Adadi, ndi nsimbi."

"Lero ndi nsimbi."

Mayi Deliwe anatulukira atanyamula yunifolomu. "Mukatha kupha chitsekocho mundipatse ndisite."

Mwayi anaseka mpaka kukhala pansi. A Rapson sanaseke. Anaona okha kuti mkono umenewu sungagwire volovolo, ndipo pisitolo yopepuka ija sankaikhulupirira. Lolemba linali pafupi.

Amene anapeza njira ndi Mwayi. Anapempha mtsogoleri wa gulu lawo ku Canada, mayi wina dzina lake Nia, kuti ayankhule ndi bambo ake pakompyuta. Lamulungu masana, atachoka kutchalitchi, a Rapson sanavule jekete. Anakhala patebulo mowongoka ngati akukaonekera kwa bwana. Nia anaoneka ali m'khitchini mwake, kwawoko kukadali m'mawa, nkhope yake yopsa ndi dzuwa, kapu ili m'manja.

A Rapson anafotokoza m'Chingerezi chawo chaulemu kuti anagwirapo ntchito pakati pa njovu ndi njati, ndipo anafunsa kuti mwa mfuti ziwirizi, yoyenera mwana wawo ndi iti. Nia anamvetsera mpaka kumapeto. Anati mlendo wongofika sangaloledwe kuyenda ndi mfuti ya m'manja, koma pamsasa pali mlonda wophunzitsidwa amene amasunga mfuti yaitali. Kenako anafunsa, "Bambo, inu munaonapo munthu watsopano akuwombera njati yomwe ikumuthamangira, ndi kamfuti kakang'ono?"

A Rapson anali ataonapo. Ankadziwa chimene nyama yovulazidwa imachita. Anachidziwa sabata yonseyo, kungoti sankafuna kuchiyang'ana.

"Chimene ndikufuna kudziwa ine ndi china," anapitiriza Nia. "Mwayi amayenda bwanji m'tchire?"

Apa a Rapson anamasuka mapewa. Funso limeneli linali lawo. Anati mwana ameneyu anamuphunzitsa okha kuyambira ali wamng'ono. Sathyola kamtengo, sayankhula, amayenda mphepo ili kumaso kuti nyama isamve fungo lake. Atha kufika pa gwape, gwapeyo osatukula mutu.

Nia anaika kapu pansi. "Ndiye ameneyo ndi amene ndimamuopera kwambiri."

Anafotokoza mosazungulira. Chimbalangondo nthawi zambiri sichifuna munthu. Chikamumva akubwera chimapatuka chokha, munthuyo osachiona n'komwe. Chimene chimapweteketsa anthu ndi kuchidzidzimutsa, kutulukira mwakachetechete pamene chikudya kapena chili ndi ana. Kwawoko amayenda akuyankhula mokweza, akuwomba m'manja, akuitana pokhota paliponse ndi pafupi ndi mtsinje wosokosa.

A Rapson anayang'ana Mwayi. Mwayi ankayang'ana patebulo. Zonse zimene anamupatsa m'mapaki a Birmingham, Loweruka ndi Loweruka, ndi zimene zikanamufikitsa pamphuno pa chimbalangondo. Ndipo iwo anatha sabata akumuyeza mkono.

Nia anatukula kachitini kofiira, kotalika ngati botolo la mafuta ophikira laling'ono. Anati aliyense amavala kameneka pachifuwa, ndipo amaphunzitsidwa kukasolola msanga. Kamapopera utsi wa tsabola woyabwa kwambiri.

"Tsabola?" anafunsa a Rapson.

"Tsabola."

A Rapson anaseka koyamba sabata imeneyo. Anakumbukira alimi a m'malire mwa nkhalango ya Kasungu akuumba njerwa za ndowe ya njovu zosakaniza ndi tsabola, n'kuziyatsa m'mbali mwa munda. Anaonapo ndi maso awo njovu yamphongo ikutembenuka, chitamba chili m'mwamba, ikuthawa utsi umenewo.

"Koma ukapopera mphepo ikubwera kwa iwe, wadzipopera wekha," anatero.

"Ndi zomwezo," anavomera Nia. "Ambiri amaiwala mphepo."

"Uyu saiwala."

Mwayi anatseka kompyuta. Mayi Deliwe anaika ketulo pamoto, koma sanachoke pakhomo la khitchini. A Rapson anavula jekete n'kuikoleka pampando, akuganiza. Kenako anayankhula ngati akudziuza okha.

"Ndiye kuti nyamazi zimangofuna odi. Munthu sufika pakhomo pa eni ake mwakachetechete ngati mfiti. Umayambira patali kuodira, kuti mwini nyumba akonzeke."

"Ndiye ndipite, adadi?" anafunsa Mwayi, m'Chichewa.

"Odira kaye ndimve."

Mwayi anaimirira pakati pa balaza, anapuma mozama, n'kunena kuti odi. Mawu ake anathera pakhomo la khitchini.

"Ameneyo ndi odi wodzapempha mchere," anatero mayi ake. "Bambo a Mwayi, muonetseni inuyo."

A Rapson anatsegula pakamwa. Iwo amene kutchalitchi amangogwedeza milomo nyimbo ikamaimbidwa, anatulutsa odi wouma, wamfupi, ngati munthu wotsamwa. Mayi Deliwe anagwira chitseko ndi kuseka.

"Nyumba ino tonse tikanadyedwa," anatero.

"Uwayankhe kuti ukubwera," a Rapson anauza Mwayi. "Koma kuyambira mawa tiziyenda limodzi, mpaka tsiku la ndege."

M'mawa mwake anatuluka awiri. Kunali kamphepo, dziwe lili phee. Pachipata cha paki a Rapson anaima, n'kuyang'ana uku ndi uku, manyazi atawagwira. Anasankha dala kamtengo kouma n'kukaponda. Phazi linakana, koma anakaponda ndithu, kanalira.

Atafika pamene njira imakhotera kuseri kwa zitsamba, anawomba m'manja kawiri.

"Odi kumeneko! Tidutse nawo!"

Atsekwe anadzuka n'kuthamangira m'madzi akudandaula. Mwayi anabisa nkhope m'manja, kenako anaichotsa, n'kuyesa naye. Odi woyamba anali wa mchere uja. Wachiwiri anamveka tsidya la dziwe, moti mayi wa agalu awiri uja anatembenuka ali patali, n'kuwaona akubwera, koyamba chiyambire. Anakweza dzanja.

"Mwagula belu?" anafunsa atayandikira.

"Ndi uyu," anatero a Rapson, akuloza mwana wawo.

Pamatope paja anaimabe pang'ono, poti nkhandwe inali itadutsa ndi kamwana kake. Anamuonetsa Mwayi mapaziwo ndi chala, osayankhula. Kenako anakumbuka, anakonza kukhosi, ndipo anapitirira akuodira mpaka pasiteji ya basi.