Loya Amene Sankanama

Ndikakumbukira a Mvula, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la polishi wa nsapato ndi la mandimu m'madzi otentha, chifukwa m'nyumba mwawo tiyi sankalowamo. Anafika m'mudzi mwathu, pamsewu wa ku Mkanda, ndale za zipani zambiri zitangoyamba. Anachokera ku Lusaka komwe anathawira ali mnyamata, nabwerako ali loya, ali ndi mkazi ndi ana, ndiponso chipembedzo chimene ife tinali tisanachimvepo, cha Amomoni. Tchalitchi chawo kunalibe kwathu kuno, ndiye Lamulungu ife tikamapita ku Misa, iwo ankavala shati yoyera ndi tayi n'kupemphera pabalaza pawo.

Sindingawanamizire, anali bambo wabwino. M'mawa, utsi wa m'makhitchini usanabalalike, munkawapeza akusesa pabwalo mwana ali kumsana, azibambo a pabawo n'kumanong'ona kuti akazi awo anawadyetsa khuzumule. Mowa sankamwa, fodya sankasuta, ndipo sitinawamvepo akukalipira munthu. Lolemba lililonse ankatseka msanga kaofesi kawo ka paboma kuti akacheze ndi banja. Mwana wawo Rute anali mnzanga wa kusukulu, choncho nanenso ndinkakhala nawo pamphasa dzuwa likupendeka, tikuimba nyimbo zachingerezi zimene sindinkazimva, mayi Mvula akukazinga mtedza. Bambowo ankaphunzitsa ana awo mayina a makolo akale mpaka atawaloweza.

"Banja silitha, Agnesi," ankandiuza. "Ngakhale imfa silekanitsa anthu amene Mulungu wawamanga pamodzi."

Ine ndinkabwerera kwathu ndikuwasirira.

Munda wathu unachita malire ndi esiteti ya fodya. Unali wa amayi, anawasiyira ndi agogo awo. Chaka china mwini esitetiyo, munthu wa ku Lilongwe amene sitinamuonepo nkhope, anatuma anthu kudzakhoma zikhomo pakati pa chimanga chathu. Atate anazizula n'kuziponya kumtsinje. Nkhani inapita kukhoti, ndipo loya wa esiteti anali a Mvula.

Atate anavala jekete lawo la ukwati n'kupita kukawaona. Anatipeza ine ndi Rute tikusenda mtedza pakhonde, ndipo sanatithamangitse.

"A Mvula, munda uja mumaudziwa," anatero atate. "Chimanga chake chachiwisi mwadya."

"Ndimaudziwa, a Phiri."

"Ndiye kukhotiko mukanena chiyani?"

"Zoona zokhazokha. Malowo anaperekedwa kwa esiteti kalekale, ndipo mapepala alipo. Ine sindinama."

"Sindikuti muname. Ndikuti mlanduwu muusiye, autenge wina wosatidziwa."

A Mvula anapukuta magalasi awo ndi tayi.

"Ndikausiya, wotengayo akakuchititsani manyazi pa anthu," anatero. "Komanso a Phiri, nanenso ndili ndi ana oti adye."

Atate anandiloza ndi chipewa chimene anagwira m'manja. "Nanga uyu?"

A Mvula anangopempha kuti apemphere nawo. Atate anavala chipewacho n'kundiuza kuti tizipita.

Kukhoti a Mvula sananamedi. Amayi ankati anayankhula mofatsa, akutchula atate kuti achimwene. Mlandu anawina. Thirakitala inalowa m'munda chimanga chili ndi ngayaye, ndipo fungo la mapesi aawisi linafika mpaka pakhomo pathu. Tsiku lomwelo mayi Mvula anabwera ndi dengu la ufa pamutu, maso ali ofiira. Ndinkayembekeza kuti amayi alibweza. Analilandira ndi manja awiri, chifukwa m'nyumba munali ana. Tinadya ufawo mpaka unatha, atate okha osaukhudza. Lolemba lotsatira nyimbo zija zinamveka ngati kale, kudutsa mpanda waudzu.

Mvula isanagwenso atate anawoloka boda kukagwira utenanti m'minda ya fodya kupitirira Chipata. Poyamba ankabwera akagulitsa fodya, ataonda, akutsokomola. Kenako anasiya. Za imfa yawo tinazimva kwa dalaivala wa thiraki amene anaima pamsika kugula tomato, patapita miyezi chiwaikireni. Amayi anakwatiwanso kwa mwamuna amene sankafuna ana a mnzake. Ine ananditumiza kwa amayi aang'ono ku Guilleme, mlongo wanga Yohane anasiya sukulu n'kupita paboda kukanyamula katundu wa amalonda. Chichokereni m'mudzi muja, sitinagonenso tonse m'nyumba imodzi.

A Mvula anamwalira ine nditakwatiwa kale. Kumaliro ndinapita. Ana awo onse analipo, ophunzira, onenepa bwino, atagwirana manja ndi amayi awo. Anthu a mpingo wawo anabwera pagalimoto kuchokera ku Lilongwe. Woyankhula aliyense ankati malemuwa sanalandirepo chiphuphu, sanasiyepo banja lawo ndi njala, sananenepo bodza. Ndinakhala pakati pa azimayi ndikutchera khutu, kufuna kugwira bodza ngakhale limodzi m'mawu onsewo kuti mtima wanga upepuke. Sindinalipeze.

Rute atandiona anandikumbatira akulira.

"Adadi sanakuiwaleni, Agnesi," anatero. "Banja lanu ankalitchula m'pemphero tsiku lililonse."

Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Ndinamupukuta misozi ndi chitenje changa.

Lero manda a a Mvula ndi a simenti, ali ndi mwala wolembedwa, ndipo ana awo amabwera kudzalimirira udzu chaka ndi chaka. Ndimawadutsa ndikamapita kukaona amayi. Ana anga akandifunsa komwe agogo awo aamuna anagona, ndimaloza kumadzulo, kutsidya kwa boda, ndipo dzanja langa limangozungulira m'mwamba, osadziwa poti liime.