Anandiuza Kuti Ndiike Giya Fili

Anzanga, munthu amene anandiswa mtima ndinakumana naye galimoto itandizimira pagulu.

Linali Lamlungu, pabwalo loimikapo magalimoto kuseri kwa fakitale ina. Tsiku limeneli pamakhala mbee, ndiye okonda mipikisano amayalapo makoni, timapulasitiki tosongoka tija, n'kupanga njira yokhotakhota. Galimoto imalowa imodziimodzi, wotchi ikuwerenga. Ukagwetsa koni amakuwonjezera masekondi awiri.

Ine ndinabwera ndi kagalimoto kakale ka malume anga. Atangokweza mbendera ndinasiya kilatchi mwamantha, kagalimoto kanadumpha ngati chule n'kuzima. Anthu kuseka!

Pawindo panafika mnyamata wovala ovolosi.

"Asisi, kilatchi si njoka. Musaithawe, isiyeni pang'onopang'ono."

Anali makaniko. Aliyense ankamutcha Sipanala, poti sinkachoka m'thumba mwake.

Anayamba kundiphunzitsa. "Giya wani ndi yonyamukira basi. Ukaika thu, dzanja libwerere pachiwongolero, za giya uiwale mpaka umalize." Anandionetsa kuphwetsako mpweya matayala akatentha, anandikonzera mashoko. Galimoto yake ndi yanga zinali za mtundu umodzi, ndiye ankazitchuna mofanana, ati ndi mapasa.

Tsiku londifunsira anali kunsi kwa galimoto, ikuoneka miyendo yokha.

"Tandipatsira sipanala ya 13... komanso ndimakukonda."

Ndinam'patsa 13 yo. Yankho linalo anadikira sabata yathunthu, kuti asazolowere.

Ndinamukonda, anzanga, sindibisa.

Miyezi ikupita, nthawi zanga zinayamba kuyandikira zake. Poyamba ankanyadira, "Student wanga uyu!" Nditangomutsalira theka la sekondi, nthabwala zija zinayamba kuchepa. Ine osazindikira kanthu.

Kenako unafika mpikisano womaliza wa chaka. Sitolo ina ya matayala inati wopambana pa magalimoto ang'onoang'ono imutenga, izimupatsa matayala, n'kumutumiza ku mpikisano waukulu. Malo amodzi okha. Sipanala anali atawalota zaka zinayi.

M'mawa, mpikisano usanayambe, oyendetsa timayamba taiyenda njirayo wapansi. Panali chigawo chowongoka, chotalikirapo, chothera pakhona lakuthwa. Cham'mbali mwa khonalo panali mtengo wa magetsi.

"Apa uike fili," anatero Sipanala.

"Fili? Si unati thu mpaka kumaliza?"

"Lero mpotalika, thu ikuthera mphamvu pakati. Ndikhulupirire, babe."

Ndinamukhulupirira. Ndani akanadziwa kuposa mphunzitsi wanga?

Aliyense amathamanga katatu, kawiri m'mawa, kamodzi masana, ndipo amatenga nthawi yako yabwino koposa. Timagawidwa pawiri: ena akamathamanga, ena amaima m'mbali kudzutsa makoni ogwa. Tsiku limenelo ine ndi iye tinali magulu osiyana, langa ndilo linayamba.

Ulendo woyamba ndinaika fili. Galimoto inauluka, khona lija n'kundifikira mwadzidzidzi. Buleki, kilatchi, kufuna kubwezera thu, giya n'kukana, kwee! Dzanja limodzi lokha pachiwongolero. Ndinasesa makoni atatu.

Ulendo wachiwiri zinanyanya. Kumbuyo kwa galimoto kunatsetsereka, dziko linazungulira, matayala akulira. Nditaima, mtengo wa magetsi uja unali pawindo panga penipeni, woti ndikanaugwira ndi dzanja.

Ndinatuluka m'galimoto. Sipanala anabwera akuthamanga n'kundikumbatira.

"Wangochedwa kubwezera thu. Masana uyesenso, zitheka."

Tinasinthana. Ndinavala chijekete chonyezimira, ndipo mwangozi anandiimika pachigawo chowongoka chomwe chija.

Inafika nthawi ya Sipanala. Ndinatchera khutu. Wani... thu... ndikudikira kaphokoso kosinthira giya. Injini inakuwa mpaka kukhona. Sanasinthe.

Ndinati mwina makutu andinamiza. Ulendo wachiwiri ndinayang'anitsitsa m'galimoto akudutsa. Manja onse awiri anali pachiwongolero, sanachokepo olo kamodzi.

Anzanga, dzuwa linali likuswa mtengo koma ine ndinamva kuzizira.

Pa nthawi yopuma ndinam'peza atagwada, akuyeza mpweya wa matayala.

"Pomwe paja unaika giya yanji?"

"Fili," anayankha osadzutsa mutu.

"Ndinaima pomwepo, iwe. Ndinakumva, ndinakuonanso."

"Galimoto zimasiyana..."

"Mapasa aja asiyana lero?"

Anasiya kuyeza. Kenako anaika chida chake pansi.

"Iwe wayamba chaka chino chomwe. Ine zaka zinayi ndikuvutika. Ndimangofuna uchedweko pang'ono basi. Sindimadziwa kuti ukafika pamtengo paja."

"Chabwino, sumadziwa. Nanga utaona, bwanji unati masana ndiyesenso?"

Anatola chida chija n'kubwerera ku matayala ake.

Masana ndinakhala pamzere woyambira misozi ili m'maso, helemeti ikundibisa. Ndinapukuta manja pathalauza. Mbendera mmwamba. Wani. Thu. Pachigawo chija injini inakuwa ngati iphulika, dzanja linkafuna kupita pagiya, ndinalikaniza. Buleki kamodzi, khona ndinalidutsa bwinobwino. Palibe koni inagwa.

Ndinapambana mpikisanowo, nditamuposa Sipanala ndi kachigawo ka sekondi.

Anthu anandinyamula, kukuwa, kujambula. Iye ankalongedza zida zake atandifulatira. Sitinalankhulanenso, ndipo nambala yake ndinaifufuta ndili pabwalo pomwepo.

Mukuti ndinasangalala? Ayi ndithu. Pali chinthu chimene sanachidziwe, ndipo akawerenga pano ndi pomwe achidziwe. Ine ndinali nditaganiza kalekale kuti ndikapambana, ndikawauza a matayala aja kuti atenge iyeyo. Ndinali nditakonza ndi mawu omwe.

Malowo anali ake kale, anzanga. Anangosowa kundikhulupirira mmene ine ndinkamukhulupirira.