Chiwongo cha Bambo Anga

Tsiku limene akuchimuna anabwera kudzandifunsira, ndinali m'chipinda chogona kwathu ku Kabwata mu Lusaka, khutu lili pa chitseko. Anachokera ku Woodlands, mbale zawo zovundikira, momwe munali ndalama zofunsira, atazikulunga m'chitenje. Wolankhulira mbali yathu anali bambo aang'ono a ku Libala, amene tinkawadziwa kuti ndi mng'ono wa bambo anga.

Zinayamba bwino mpaka azakhali a mnyamatayo anafunsa chiwongo chathu. Atamva, anaseka kaseko kouma.

"Iyayi, apa pavuta. Ndiye chiwongo chathu ichocho! Aba bana ni pachibale, sibangakwatilane."

Ine ndi mnyamatayo tinkadziwa kalekale kuti dzina lathu ndi limodzi, koma tinkangoseka. Mu Lusaka anthu a dzina limenelo ndi osawerengeka. Kwa azakhali aja silinali dzina wamba, linali magazi. Ndinamva mbale zikukokedwa pa tebulo, ndipo mtima unandiphulika ndi mkwiyo. Ndinkafuna kutuluka n'kuwafunsa ngati ndi iwo ankakwatiwa.

Kenako bambo anga anakhosomola. Pa mwambo wotere bambo wa mtsikana salankhula, ndiye ndinakanikiza khutu pa chitseko.

"Bwezani mbalezo pansi," anatero. "Chiwongo ichi si changa."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Makolo awo anali a ku Luapula. Bambo awo atamwalira ku migodi, woyandikana nawo nyumba, munthu wa ku Chipata, anawatenga. Kuti alowe sukulu ya ana a ogwira ntchito mu mgodi, anawalembetsa ngati mwana wake, n'kuwapatsa chiwongo chake. Anakula nacho, anakwatira nacho, natipatsa ife. Kenako anatchula dzina la bambo awo owabereka. Ndinali ndisanalimvepo chibadwire, ndipo ngakhale lilime lawo linkaoneka kuti laliiwala.

Munthu yemwe ankadzitama ndi chiwongo chimenechi pa maliro ndi pa ukwati paliponse anachivula pamaso pa alendo chifukwa cha ine. Ndinalira, misozi ya chisoni ndi ya mpumulo pamodzi.

Azakhali aja ananong'onezana ndi anzawo, kenako anati, "Ngati ni choncho, palibe mulandu. Tipitilize."

Koma wolankhulira wathu sanapitirize. Ndinasuzumira pa mpata wa chitseko. Bambo aang'ono anali ataimirira, chipewa chili m'manja. Iwo ndiwo anali mwana weniweni wa munthu wa ku Chipata uja, ndipo anagona mphasa imodzi ndi bambo anga kuyambira ubwana.

"Achimwene," anatero motsitsa, "atate anatiuza kuti wina asadzanene kuti sindinu wathu. Ine ndasunga mpaka imvi. Lero mwanena ndinu."

Anatuluka osamenyetsa chitseko. Ukwati unachitika, mpando wawo tinawasungira kutsogolo, koma sanabwere.