Mutu wa Agogo a Ngonyani

Bambo Kasiani Ngonyani anali telala pakhonde loyandikana ndi langa ku Buguruni, munthu wosoka mayunifolomu a ana asukulu ndi kutiikira zigamba pamabuluku. Nkhani yawo ndikaikumbuka, mtima umandiwira mpaka lero.

Agogo awo ananyongedwa nthawi ya Majeremani kwawo ku Songea. Thupi linaikidwa m'manda, koma mutu unatengedwa ndi azungu a bungwe la anthu ophunzira, lija linayamba kalekale ndi ntchito yoyeza mapiri, kupatsa mbalame mayina ndi kulemba zilankhulo zathu. Ankayezanso mitu ya anthu. Azunguwo atapita, mipando inagwera abale athu omwe, koma malamulo sanasinthe ngakhale limodzi. Chigaza chinatsala m'kabati ya bungwelo.

Mayi awo pomwalira anawagwira dzanja, nati, "Kasiani, bambo anga anagona opanda mutu. Ukautenge."

Anapita kubungweko atavala jekete yosoka okha. Mlembi wa bungwelo, Pulofesa Mwakalinga, anawalandira ndi tiyi.

"Achikulire, nkhani yanu ndi yomveka. Koma pamsonkhano pathu amalankhula ndi membala yekha."

"Nanga umembalawo umapezeka pati?"

"Mumawerenga kafukufuku wanu pamaso pa mamembala. Akakhutira, amakusankhani."

Atandiuza, ine ndinati, "Achimwene, akukuseweretsani awa! Tengani nyundo mukaswe kabatiyo." Iwo anangoseka. "Iwe Shabani, agogo anga akatulukire pawindo ngati mbava?"

Basi telala anayamba kulemba mbiri ya agogo ake. Ankatseka makina n'kukafunsa nkhalamba ku Songea, makasitomala n'kumathawira kwina. Atakawerenga koyamba mamembala anamubweza, ati zonena za nkhalamba si umboni. Iye osatopa. Anadzasankhidwa imvi zili mbuu, ulusi osauonanso pasingano.

Tsiku la msonkhano ndinawaperekeza, n'kutsala pabenchi panja poti ine si membala. Posakhalitsa ndinangoona akutuluka.

"Bwanji, zatheka?"

"Akuti membala amene nkhani ikumukhudza azituluka pokambirana. Ndi lamulo lakale."

Taonani nkhanza zake! Munthu wathera moyo kufunafuna pakamwa, apeza pakamwapo, amukhazika panja ndi ine. M'katimo tinkangomva makapu ndi kuwomba m'manja.

Kenako Pulofesa anatuluka akumwetulira. "Membala mnzathu, zikomo kwambiri. Ife chigazachi sitinkadziwa n'komwe kuti n'cha ndani. Kafukufuku wanu waonetsa kuti ndi chuma cha dziko lonse, choncho bungwe lagwirizana kuti chisachoke. Koma musadandaule, mamembala amaloledwa kuona za m'kabati Lachinayi lililonse."

Ndikanamulavulira, koma Bambo Ngonyani anandigwira malaya.

Kuyambira pamenepo mpaka imfa yawo, Lachinayi lililonse ankakwera minibasi, n'kukavula chipewa patsogolo pa kabatiyo. Tsiku lina ndinawafunsa kuti amakanenako chiyani.

"Ndimakapepesa," anatero. "Ndikanangokhala chete, mwina tsiku lina akanautaya mutuwo posesa, ine n'kukautola."